Msewu wa ku Phalombe ndi ufa, wophika wake ndi nyengo

Munthu akaima m'munsi mwa phiri la Michesi n'kuyang'ana kumpoto, komwe kuli nyanja ya Chilwa, maso amamuuza kuti dziko lonselo ndi limodzi: chidikha chosalala, minda ya nandolo ndi mpendadzuwa, mitengo ya mango apo ndi apo, ndi timapiri tochepa tongotumphuka patalipatali. Akakwera njinga n'kuyamba kupalasa, miyendo imamuuza nkhani ina. Poyamba matayala amadumphadumpha pamiyala. Patsogolo pang'ono msewu umafewa, njinga n'kumayenda yokha. Kenako mwadzidzidzi tayala lakutsogolo limazama mumchenga, chiwongolero n'kuyamba kukana. Akamayandikira kunyanja dothi limada bii, ndipo kutengera mwezi womwe wapitako, amapeza pouma gwa pong'aluka ming'alu, kapena matope omata moti njinga imasanduka katundu wosenza paphewa.

Kunja kuno kwabuka masewera opalasa njinga m'misewu yotereyi, omwe amawatcha gravel. Anthu otopa ndi phula ndi magalimoto ake anayamba kufunafuna misewu yafumbi ya kumidzi. Ku Emporia m'chigawo cha Kansas ku America kuli mpikisano womwe unayamba mu 2006, lero umatchedwa Unbound Gravel, ndipo ochita nawo amapalasa makilomita oposa 300. Bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse la UCI linachititsa mpikisano woyamba wa akatswiri a gravel mu 2022 ku Italy. Ku Kenya nako, kuyambira 2021, kumachitika Migration Gravel Race m'dera la Maasai Mara. Chomwe anthuwa amasakasaka ndi dziko lopanda zitunda zambiri, misewu yopanda phokoso, malo achilengedwe otetezedwa, ndi malo a mbiri yakale oti aime n'kuphunzirapo kanthu. Phalombe ali nazo zonsezi, ndipo ali ndi china choposa apo: anthu omwe akhala akupalasa m'misewuyi moyo wawo wonse, akabaza, ogula nsomba, ana asukulu, alangizi a zaumoyo, amayi opita kuchigayo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 429,000 m'bomali, ndipo nkovuta kupeza mudzi womwe ulendo wake wa kumsika kapena kuchipatala sudalira njinga.

Tsono n'chifukwa chiyani msewu umodzi umasintha nkhope kangapo pa ulendo wa m'mawa umodzi? Yankho lake aliyense amene anaonapo chimanga chikusanduka nsima analiona kale.

Chimanga chikakonoledwa n'kusinjidwa, sichituluka chofanana. Muli mphale zomwe sizinasweke bwino, muli misere, muli ufa wosalala. Mayi akathira zonsezi mu sefa n'kumagwedeza, zokhakhala zimatsalira pamwamba, zosalala zimapitirira. Pachidikha cha Phalombe ntchito ya sefayi imagwiridwa ndi madzi. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, pamodzi ndi Michesi, akhala akuswedwa ndi mvula ndi dzuwa kwa zaka zosawerengeka. Mitsinje monga Phalombe ndi Sombani imanyamula zoswekazo kutsika nazo. Pamene madzi ali ndi liwiro, m'mapiri, amakoka ngakhale matanthwe. Akangofika posalala mphamvu imachepa, ndipo zolemera ndizo zimayamba kugwa: miyala ikuluikulu m'tsinde mwa phiri, nsangalabwi kutsogolo kwake, mchenga m'mphepete mwa mitsinje, ndipo dothi losalala kwambiri limakafika kumadambo ndi kunyanja, komwe madzi amaima. Kalekale nyanja ya Chilwa inali yaikulu kuposa lero, ndipo gawo la chidikhachi linali pansi pa madzi. Ndiye chifukwa chake dothi lakuda la makande lafalikira kutali ndi gombe lamakono. Wapanjinga wochoka kuphiri kupita kunyanja amadutsa mphale, misere, n'kumalizira mu ufa woyera.

Apa ndi pomwe pali chinsinsi cha msewu wabwino. Yesani kuphika nsima ya misere yokhayokha: siigwirana, imamwazika pamthiko. Ndi momwe ulili mchenga. Tinthu take ndi tokulirapo, topanda chomata, moti tayala likaponda timangothawira m'mbali. Makande nawo ndi ufa wosalala kwambiri, womwe ukakumana ndi madzi umatupa n'kumata chilichonse. Msewu womwe akatswiri amaufuna ndi wa mgaiwa, momwe zonse zasakanikirana: timiyala tonyamula kulemera kwa galimoto ndi ngolo, mchenga wodzaza mipata ya pakati pa timiyalato, ndi dothi pang'ono lomanga zonse pamodzi. M'madera ena a Phalombe, makamaka pakati pa phiri ndi madambo pomwe pali dothi lofiira la katondo losakanikirana ndi nsangalabwi, chilengedwe chinasakaniza chokha. Kumeneko njinga imathamanga mofanana ndi paphula, ndipo ine ndimaona kuti kukoma kwake kumaposa kwa phula, chifukwa pansi pamakhala pofewerapo ndipo mkokomo wa matayala umamveka bwino m'makutu.

Ufa wokha si nsima. Pamafunika madzi, ndipo muyezo wake ndiye luso lonse. Akachuluka mumapeza phala, akachepa ufa umangouluka. Opanga misewu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake giledala ikapala msewu pamabwera galimoto yothira madzi, kenako chigalimoto cholemera chotsendera. Dothi lachinyezi choyenera likatsenderedwa limalimba n'kukhalitsa. Koma m'misewu yambiri ya kumidzi wothira madzi ndi mvula, wotsendera ndi mapazi a anthu, ziboda za ng'ombe ndi matayala a njinga zomwezo. Choncho wophika weniweni ndi nyengo, ndipo wapanjinga ayenera kudziwa kuti mphika uli pati mwezi uliwonse.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumakande ndi phala. Matope amamatirira kutayala, n'kumakulirakulira mpaka adzaze mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi, gudumu n'kuima. Anthu a kumeneko amadziwa: ena amachotseratu madigadi dzinja likamayamba, ena amayenda ndi kamtengo kokolopolera matope. Mlendo wobwera ndi njinga yodula amavutika mofanana, mwinanso kuposa, chifukwa matope osakanikirana ndi mchenga amadya tcheni ndi magiya. Chodabwitsa n'choti m'miyezi yomweyi misewu ya mchenga imakhala pabwino, poti chinyezi chimaugwirizanitsa mchengawo.

Mvula ikasiya, mu Epulo ndi Meyi, nsima yapsa. Dothi lidakali ndi chinyezi, fumbi silinayambe, mpweya ndi wozizirira, ndipo phiri limaoneka bwino lopanda utsi wa moto wolusa. Kuyambira apa mpaka Julayi ndi nthawi yomwe ndingauze aliyense wofuna kuliona bomali panjinga kuti abwere. Pali chenjezo limodzi lokha. Pamakande pomwe ng'ombe ndi ngolo zinadutsa matope asanaume, mapondedwe aja amauma momwemo, n'kukhala ngati mibulu ya mu nsima yomwe wophika sanaiphwanye moto ukadali: ikazizira simungaikonzenso. Pamalo otero njinga imagwedezeka mpaka manja kuchita dzanzi. Koma yang'anitsitsani m'mbali mwa msewu. Nthawi zonse mumapezeka kanjira kopyapyala, kosalala, komwe njinga mazanamazana zatsendera. Akabaza ndi amene amakalemba kanjirako tsiku ndi tsiku, ndipo wanzeru amangokatsata.

Ikafika Seputembala ndi Okutobala madzi atheratu. Makande amang'aluka ngati nkhoko za pansi pa mphika, katondo amasanduka fumbi, mchenga umamasuka. Iyi ndi nthawi ya timabampu tondondozana tomwe timapezeka m'misewu yodutsa magalimoto. Timayamba motere: tayala la galimoto yothamanga likagunda kabampu kamodzi limadumpha, potera limakankha dothi louma kutsogolo, ndipo galimoto iliyonse yotsatira imakulitsa mzerewo. Dothi likanakhala ndi chinyezi sizikanachitika mosavuta. Kutentha kwa miyezi imeneyi pachidikhachi si kwamasewera, ndipo Phalombe ndi wouma kuposa mbali ya kummwera kwa phiri komwe kuli minda ya tiyi, chifukwa mitambo yochokera kummwera chakum'mawa imakhuthula mvula yambiri isanadutse phirilo. Wopalasa m'chilimwe anyamuke kusanache, dzuwa likafika pamutu akhale ali pamthunzi.

Pali mphepo yoti muiwerengere. M'miyezi yozizira mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa. Wopita kunyanja umamukankha kumsana, iye n'kumadziona ngati ngwazi. Pobwerera umamuomba kumaso, pachidikha popanda pobisala. Sungani mphamvu za ulendo wobwerera.

Za njinga yeniyeniyo ndinene mwachidule. Njinga za mpikisano wa paphula zimakhala ndi matayala opyapyala, mamilimita 25 mpaka 28. Za gravel zimakhala ndi matayala a mamilimita 38 mpaka 50, ndipo sawapopa kwambiri, kuti tayala lizitambasuka pamchenga m'malo mozama, komanso lizimeza timiyala m'malo modumpha. Tsono njinga yakuda ya makolo athu, ya mtundu wa Humber kapena Phoenix, matayala ake ndi a mainchesi 28 ndipo m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 38 omwewo. Opanga njinga za gravel angofika kumene pa muyezo womwe wogula matemba wakhala akuugwiritsa ntchito kuyambira kale. Kusiyana kuli pa kulemera ndi magiya: yakumudzi imalemera kuwirikiza kawiri, ilibe magiya, ndipo mabuleki ake sagwira bwino limu ikanyowa. Koma ikathyoka sipokosi kapena chubu chikaphulika, pamsika uliwonse pali wokonza pansi pa mtengo amene ali ndi zida zake. Njinga za Buffalo, zomwe bungwe la World Bicycle Relief linazipangira misewu ngati imeneyi, keliyala yake imanyamula makilogalamu 100. Wobwera ndi njinga yachilendo abweretse yekha machubu ndi zomatira, chifukwa minga ndi yambiri ndipo saizi yake sangaipeze pa Migowi.

Tiyeni tsopano tiyende. Njira yoyamba, yomwe ili ndi chitunda chenicheni, imachoka pa boma la Phalombe kukwera pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Uku ndi kumphale: miyala, mitsinje yoyera, ndi msewu womwe mvula imaukumba chaka chilichonse. Mpatawu umatchedwa Fort Lister Gap, ndipo dzinali likuchokera ku linga lomwe boma la atsamunda a ku Britain, pansi pa Harry Johnston, linamanga pamenepo mu 1893. Chifukwa chomangira linga pamalo amenewa chimaoneka ndi maso mukafikapo. Kumanja phiri, kumanzere phiri, njira ndi imodzi. Magulu a amalonda ochokera kumtunda ankadutsa apa ndi minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, kulowera kugombe la nyanja yamchere ku Mozambique, kumadoko monga Quelimane. Mafumu ena achiyawo a m'derali, monga Matipwiri, anali m'malonda amenewa ndipo analimbana ndi asilikali a atsamunda, omwe ena mwa iwo anali Asikh ochokera ku India. Lero patsala mabwinja a makoma ndi manda, kuphatikizapo a Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson.

Manda a mzunguyo ali ndi dzina. Anthu omwe anadutsa pampatawu ali m'magoli alibe mwala ngakhale umodzi. Ndimaona kuti aliyense wofika pano panjinga, atatopa ndi chitunda chomwe wakwera mwa kufuna kwake, ali ndi madzi m'botolo, ayenera kuima nthawi yokwanira kuti aganize za amene anakwera chitunda chomwechi atamangidwa, osadziwa komwe akupita. Tisaiwalenso kuti linga lomwe linatseka njira ya akapolo ndi lomwenso linatsegula njira ya msonkho ndi ulamuliro wa atsamunda. Mbiri ya malowa ili ndi mbali zonse ziwiri, ndipo ana a sukulu za m'bomali akuyenera kuimva yonse, ataima pamalo penipenipo.

Mapiri awiriwa ndi nkhalango zotetezedwa. Ya Mulanje inakhazikitsidwa mu 1927, bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo osungirako zamoyo mu 2000, ndipo mu 2025 phirili linalembedwa pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Kumtunda kwake ndi kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa ndi moto. Njinga siikwera kumeneko. Wofuna kukafika kumalo ogona a Sombani amaisiya pansi n'kuyenda wapansi ndi womuperekeza. Koma wapanjinga amaona nkhani ya nkhalangoyi mumsewu momwemo, akamakumana ndi njinga zinzake zotsika ndi matumba a makala ndi mitolo ya nkhuni. Sindingamunyoze bambo amene akukankha matumba atatu kuti ana ake adye. Komabe zotsatira zake zimagwera iye yemwe. Mitengo ndi udzu wa m'phiri ndi zomwe zimachedwetsa madzi kuti sefa ija igwire ntchito pang'onopang'ono. Phiri likavulidwa, madzi amatsika nthawi imodzi, ndipo mphale, misere ndi ufa zimakhuthukira pamodzi pamidzi.

Anthu a ku Phalombe amalidziwa tsoka limeneli ndi dzina lake, napolo. Mu Malichi 1991, pambuyo pa mvula ya masiku angapo, mbali za phiri la Michesi zinagumuka, ndipo madzi, matope ndi matanthwe zinasesa midzi ndi malo a malonda a Phalombe, n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo dera la Nkhulambe, komwe njira ya pampata ija imatsikira, linali limodzi mwa madera omwe anawonongeka koopsa. Chipatala chaching'ono cha kumeneko chinakokoloka. Mvula yoopsa chotero imagumula ngakhale phiri lovala nkhalango, koma lovulidwa limagumuka msanga. Matanthwe akuluakulu omwe mungawaone atakhala pakati pa minda, kutali ndi phiri, ena anabwera usiku umodzi. Mitsinje ina inasintha njira, milatho ina inapita, ndipo pomwe panali katondo wolimba lero pali mchenga wakuya. Mapu a pafoni sadziwa zimenezi. Funsani anthu musanatsike, ndipo mukamadutsa m'midzi imeneyi kumbukirani kuti mukudutsa pakati pa anthu omwe anataya abale awo.

Njira yachiwiri ndi ya pakati pa chidikha, yozungulira Migowi ndi Chiringa, kufupi ndi malire a Mozambique. Misewu ikuluikulu ya kuno ina inathiridwa phula, koma mukangopatuka mumalowa m'njira zambirimbiri za m'midzi zolumikiza misika, masukulu ndi matchalitchi. Uku ndi kumgaiwa, kopalasa mosangalala, ndipo phiri la Machemba limakuthandizani kudziwa komwe muli. Mbiri ya kuno siioneka ndi makoma. M'dera lino ndi momwe ulendo wa John Chilembwe unathera. Kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915 ku Chiradzulu. Zinthu zitavuta anathawa wapansi kulowera ku Mozambique, ndipo pa 3 Febuluwale apolisi a atsamunda anamupeza n'kumuwombera asanawoloke malire. Chipatala chachikulu cha boma la Phalombe chinapatsidwa dzina lake. Mukamapalasa kuchoka cha ku Chiradzulu kubwera kuno, mukuona ndi miyendo yanu kutalika kwa mtunda womwe munthuyo anayenda m'nyengo ya dzinja, mitsinje itadzaza, adani ali pambuyo.

Malire omwewo, Alhomwe ambiri anawawoloka kulowa m'dziko muno kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhanza za atsamunda achipwitikizi, ntchito yokakamiza ndi njala, ndipo ambiri anakagwera m'thangata m'minda ya azungu. Zidzukulu zawo ndizo zochuluka m'bomali lero. Mukamva ng'oma madzulo, mwina ndi tchopa, gule yemwe UNESCO inamulemba mu 2014 pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Pamsika mungapeze kalongonda, yemwe kuphika kwake kumafuna kuleza mtima kwa tsiku lathunthu. M'zaka za m'ma 1980 njira zomwezi zinadzazanso ndi othawa nkhondo ya ku Mozambique. Phalombe anakhala boma palokha mu 1998, atapatulidwa ku Mulanje, koma njira zake ndi zakale kuposa maboma ndi malire.

Pali mwambo wa pamsewu womwe mlendo ayenera kuudziwa. Mukaona masamba kapena nthambi zitayalidwa mopingasa msewu, patsogolo pali maliro. Tsikani panjinga, vulani chipewa, yendani wapansi mpaka mutadutsa masamba achiwiri. Kumanda simulowa popanda chilolezo cha amfumu. Mukafuna kufunsa njira, imani kaye, perekani moni, "Zikomo bambo, mwaswera bwanji?", kenako funsani. Kufuula funso muli pa liwiro ndi mwano, ndipo mudzayankhidwa mwaulemu koma mwachidule.

Njira yachitatu ndi yomwe ndimaikonda kuposa zonse, ya kunyanja, kudzera cha ku Nambazo mpaka kudoko la Swang'oma, kapena kum'mawa cha ku thamanda la Mpoto komwe mtsinje wa Sombani umathera. Mitengo imachepa, thambo limakula, minda ya mpunga imayamba, ndipo pamakande mumaona tchana chomwe alimi amadzala mvula ikamatha kuti chikule ndi chinyezi chotsalira m'dothi. Chilwa ndi nyanja yosiyana ndi zina. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Omwe alowa amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Ndi yosaya, mamita ochepa chabe ngakhale pakati, ndipo yazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza. David Livingstone ndi John Kirk anaifika mu Epulo 1859. Chakumapeto kwa 1996 inakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo mu 2006 UNESCO inaiikanso m'gulu la malo osungirako zamoyo. Kuli mbalame za mitundu yoposa 150, zina zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia pothawa chisanu cha kwawo. Njinga ndiyo njira yabwino yoonera mbalamezi, chifukwa siichita phokoso.

Kutetezedwa kwa Chilwa sikofanana ndi kwa Liwonde kapena Majete. Kulibe mpanda, kulibe chipata. Anthu amakhala momwemo, amalima, amaweta ng'ombe, amasaka mbalame, ndipo asodzi ena amakhala miyezi pamadzi m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera. Matemba, makumba ndi milamba ya kuno imadyetsa anthu mpaka ku Blantyre, ndipo gawo loyamba la ulendo wa nsombazo nthawi zambiri limakhala pakeliyala ya njinga. Nyanjayi imaphwa: inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. M'zaka zoterezi anthu amapalasa njinga pomwe ankapalasa bwato, ndipo mabanja ambirimbiri amasowa pogwira. Madzi akabwerera nsomba zimabwereranso, kuchokera m'mitsinje ndi m'mathamanda momwe zinabisala, ndiye chifukwa chake kuthira mankhwala kapena kukokolola ndi maukonde a udzudzu m'mitsinje yolowa m'nyanjayi ndi kupha mbewu ya nsomba za mawa. Dothi lochokera kumapiri ovulidwa nalonso likuikwirira pang'onopang'ono. Wapanjinga amene wayamba ulendo ku Michesi n'kumalizira pa Swang'oma watsata njira yomwe dothilo limayenda.

Kunyanja tengani madzi akumwa okwanira, poti mijigo ina ya kufupi ndi gombe imatulutsa madzi amchere. Musasambe kapena kuyenda m'madzi oima chifukwa cha likodzo, ndipo dera lino limavutika ndi kolera kawirikawiri.

Tsopano nkhani ya phula. Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale unatenga zaka zambiri kuti uthe, ndipo anthu anaudikira mopweteka. Ochita masewera a gravel m'maiko ena amadandaula msewu wafumbi ukathiridwa phula. Kuno dandaulo limenelo lilibe malo. Mayi wapakati amene akuthamangira kuchipatala cha Holy Family usiku wa mu Febuluwale, ali pakeliyala, makande atagwira matayala, akufunika phula ndi mlatho, ndipo ndikufuna kuti azipeze. Koma misewu ya m'midzi ndi yambiri moti siidzathiridwa phula yonse m'moyo wathu uno. Imeneyo imafuna chisamaliro chotsika mtengo koma chosalekeza: pakati pa msewu pakhale potumphuka kuti madzi azitsikira m'mbali, ngalande zizikumbidwa mvula isanayambe, makalavati asatsekeke, ndipo pamakande pathiridwe timiyala. Pa ntchito za mthandizi kawirikawiri anthu amangokumba dothi la m'mbali n'kuliunjika pakati, popanda madzi, popanda kutsendera. Uko ndi kuthira ufa mumphika wopanda moto. Mvula yoyamba imatenga zonse. Ntchito yomweyo ikanagwiridwa mu Epulo kapena Meyi, dothi lidakali ndi chinyezi, n'kupondedwa bwino, msewu ukanakhalitsa.

Ngati alendo okonda njinga adzayambe kubwera ku Phalombe, ndipo ndikukhulupirira kuti angabwere poti Blantyre ndi Zomba sizili kutali, owatsogolera alipo kale. Ku Mulanje kuli anyamata operekeza alendo kuphiri omwe ali ndi bungwe lawo ndi mitengo yodziwika. Pachidikha ntchito yofananayo ndi ya akabaza. Iwo ndi amene amadziwa kuti mlatho uti unakokoloka, dambo liti lauma sabata ino, msika uti uli lero, wokonza njinga wodalirika ali pati, ndi mfumu iti yoyenera kuipempha musanapite kumabwinja. Khonsolo ya boma, mafumu monga Nazombe, Mkhumba, Jenala, Kaduya, Chiwalo ndi Nkhulambe, pamodzi ndi nthambi yoona za malo a mbiri yakale, angathe kugwirizana njira zitatu kapena zinayi, kuika zikwangwani zolembedwa m'Chichewa, m'Chilhomwe ndi m'Chingerezi pa Fort Lister ndi pamalo okumbukira napolo wa 1991, kuphunzitsa akabaza ochepa mbiri ya malowa, n'kukhazikitsa mtengo wa tsiku womwe mlendo azilipira womuperekeza. Oyamba kuyenda m'njirazi asakhale alendo akunja okha. Akhale ana a masukulu a sekondale a pa Phalombe, Migowi ndi Chiringa, pa njinga za makolo awo, m'mwezi wa Meyi kapena Juni.